ZA UMOYO: Kodi Microwave Tiike Pati M'nyumba?

Masiku ano mabanja ambiri ku Matero, Mtendere, Kalingalinga ndi makomboni ena a mu Lusaka akumanga cipinda cophikira, ndipo ena agula microwave yofunditsira cakudya. Kusankha malo oikapo cipangizoci ndi nkhani ya umoyo, cifukwa ana ambiri amene timalandira ku cipatala atapsa amapsera m'nyumba mwa makolo ao.

Tsiku lina ndinalandira mwana wa zaka ziwiri atapsa pacifuwa. Amai ake anaika microwave pa kampando cifukwa soketi inali pansi. Atafunditsa phala anapita kukatenga supuni, ndipo mwana anatsegula citseko nakoka kapu. Kuti zotere zisacitike kwanu, tsatirani mfundo izi:

1. Msinkhu. Ikani microwave pa thebulo lolimba kapena pa shelefu, pakati pa ciuno ndi cifuwa ca munthu wamkulu. Ikankhireni mkati, kutali ndi m'mphepete, ndipo pafupi pasakhale mpando umene mwana angakwerepo. Musaike pamwamba pa firiji yaitali, cifukwa potsitsa mbale msuzi wotentha ungakutaikireni kumaso.

2. Mpweya. Microwave ili ndi timabowo totulutsira kutentha. Siyani mpata wokwana cikhatho m'mbali ndi kumbuyo, ndi wokulirapo pamwamba. Musaiphimbe ndi citenge kapena kusanjikapo mapoto.

3. Magetsi. Microwave zambiri zimadya mawati oposa 1,000, ketulo pafupifupi 2,000, pamene soketi ya 13 amps imapirira mawati pafupifupi 3,000 cabe. Mukazilumikiza pa adaputa imodzi pamodzi ndi sitovu kapena aini, waya umatentha ndipo moto ungabuke. Microwave ikhale ndi soketi yakeyake ya pakhoma, yoikidwa ndi munthu wodziwa za magetsi. Ku Kanyama, Chawama ndi George, kumene madzi amalowa m'nyumba zina nthawi ya mvula, soketi ndi waya zikhale m'mwamba, kutali ndi ndowa za madzi.

4. Mbaula. Mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku ndipo mabanja anabwerera ku makala. Conco konzeranitu malo a mbaula pakhonde kapena panja, osati pafupi ndi microwave. Musagone ndi mbaula m'nyumba, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha.

Dziwaninso kuti microwave sifunditsa cakudya mofanana: mbali ina ingakhale yozizira, ina yootca. Takasani phala, dikirani mphindi imodzi, ndipo mulawe musanapatse mwana. Mkaka wa khanda musafunditsiremo. Nsima ndi ndiwo zogona zitenthe mpaka pakati, cifukwa cakudya cofunda pang'ono cingayambitse kutsegula m'mimba. Zitsulo ndi mazira osaswa musaikemo.

Mwana akapsa, thirani pa balapo madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Musapakepo mankhwala otsukira mano, saladi kapena dzira, ndipo matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera. Ngati wapsa kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena ngati bala laposa cikhatho cake, fulumirani naye ku kiliniki kapena ku cipatala ca pafupi monga ca Kanyama, Matero kapena Chawama. Amene apsa kwambiri amatumizidwa ku UTH.

Inu makolo, musanamange shelefu, gwadani pansi muone cipindaco monga mmene mwana wanu amacionera. Cimene mungacifikire mutagwada, iyenso angacifikire. Kupewa kuposa kuciza.