Dothi la Katondo la m'Mbali mwa Mapiri ndi Kaphunzitsidwe Kake

Mphunzitsi watsopano akafika pa sukulu ya kumudzi amapeza kuti ana ake amalidziŵa kale dothi. Amalima ndi makolo ao, amaumba ng'ombe zadongo, ndipo amasiyanitsa katondo, makande ndi mchenga popanda kutsegula buku. Chimene sadziŵa ndicho chifukwa chake dothi lina limasunga madzi pamene lina limauma msanga, kapena chifukwa chake munda wa paphiri umatha chonde patapita zaka zochepa. Ntchito yanu, inu amene mukukonzekera uphunzitsi, ndiyo kumanga pa zimene anawo akudziŵa kale. M'phunziro lino titenga chitsanzo cha dothi lofiira la m'mbali mwa phiri la Mulanje ndi zitunda za ku Thyolo.

M'mene dothili linapangikira

Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi la miyala yolimba ya granite ndi syenite. Mbali yake ya kummwera imalandira mvula yambiri, kuwonjezapo mvula ya chiperoni ya m'nyengo yozizira. Madzi ndi kutentha zakhala zikufumbutsa miyalayi kwa zaka zikwi zambirimbiri, kufikira inasanduka dongo. Madziwo potsika pansi anatsuka mchere wina wofunika ku mbewu, monga kashiyamu ndi magineziyamu, nasiya chitsulo ndi aluminiyamu. Chitsulocho chinachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo ndilo limapatsa katondo mtundu wake wofiira. Pamwamba pa phirilo, ku Lichenya, kutsukika kumeneku kunapitirira kotero kuti kunatsala miyala ya bauxite, imene amayengamo aluminiyamu.

Zizindikiro zake

Dothi lililonse lili ndi tizidutswa ta misinkhu itatu. Mchenga ndiwo waukulu, kuyambira mamilimita 0.05 kufikira 2. Pakati pali siliti, amene m'manja amamveka ngati ufa woyera. Dongo ndilo laling'onong'ono kopambana, losafika mamilimita 0.002, ndipo maso sangathe kuona kachidutswa kake kamodzi. Dothi limatchedwa ladongo pamene magawo 40 kapena kuposerapo mwa magawo 100 ali dongo.

Komatu dongo silili la mtundu umodzi. Dongo la m'katondo ndi kaolinite, limene silitupa kwambiri likanyowa, ndiponso siling'aluka kwambiri likauma. Dzimbiri lija limamanga tizidutswa take kukhala timibulu, motero madzi amaloŵa bwino ndipo khasu silivutika kwenikweni. Makande a m'chigwa cha Shire ndi a m'madambo a ku Phalombe ali ndi dongo lina, la smectite, limene limatupa ndi kumata m'dzinja, kenaka n'kung'aluka ming'alu yaikulu m'chilimwe.

Chizindikiro china cha dothi la m'mbali mwa mapiri amvula ndi asidi. Tiyi amakonda dothi lotere, la muyeso wa pH wa pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mbewuyi yakhala ikulimidwa ku Mulanje kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Chimanga ndi nyemba sizikondwa ndi asidi wochuluka chotere, ndiponso chitsulo ndi aluminiyamu zimagwira fosifolasi wa m'feteleza kuti mizu isamupeze. N'chifukwa chake mlimi wa pamenepo amafunika manyowa ambiri, ndipo nthaŵi zina laimu.

Kagaŵidwe ka dothi m'magulu

Mabuku a sukulu a m'dziko muno amagaŵa dothi m'magulu anayi: latosols, ndilo lofiira kapena lachikasu la kumtunda, lithosols, losaya ndi lamiyala, calcimorphic, la m'zigwa, kuphatikizapo makande, ndi hydromorphic, la m'madambo. Katondo ali m'gulu loyambalo. Pa dziko lonse akatswiri amatsata njira ziŵiri zazikulu: ya ku America yotchedwa Soil Taxonomy, imene inasindikizidwa mu 1975, ndi World Reference Base, imene inatuluka mu 1998 potsatira mapu a dothi a mabungwe a FAO ndi UNESCO. M'njira yachiŵiriyi, dothi lofiira ndi lakuya, limene zibuluma zake zimanyezimira zikaswedwa, limatchedwa Nitisol. Lotsukika kotheratu ndi Ferralsol. Losaya, limene thanthwe lake lili pafupi, ndi Leptosol. Ndipo makande ndi Vertisol.

Maina ameneŵa muwadziŵe inu, koma musawasenzetse ana a ku pulaimale ngati katundu woloŵeza pamtima. Chofunika kwa iwo ndi kuona kuti phiri limodzi silikhala ndi dothi limodzi. Pamwamba potsetsereka kwambiri dothi limakhala losaya. Pakati limakhala lakuya ndi lofiira. Kunsi kumene madzi amaima limakhala lotuwa kapena lakuda. Mndandanda wotere anautcha catena katswiri wina, Geoffrey Milne, amene ankagwira ntchito ku Tanganyika, m'chaka cha 1935.

Kaphunzitsidwe kake

Phunziroli silitheka pa bolodi pokha. Tsiku lisanafike, funani malo pamene msewu unadula chitunda, kapena dzenje la njerwa losazama, ndipo mupemphe chilolezo kwa mwini malo. Ana asaime kunsi kwa chigumula chachitali, makamaka mvula itangogwa.

Poyamba, auzeni ayang'ane khoma la dothilo najambule zigawo zake m'makope: chapamwamba chodera chifukwa cha zinyalala zowola, chapakati chofiira ndi chadongo, ndi chapansi cha miyala yofumbutuka. Ayese kuya kwa chigawo chapamwamba ndi rula. Ambiri adzadabwa poona kuchepa kwa gawo limene limadyetsa banja lonse.

Chachiŵiri, mwana aliyense atenge dothi lodzaza chikhatho, alinyowetse pang'ono, alikande ngati mbamu ya nsima, alipote likhale ngati chingwe, kenaka alipinde ngati chibangiri. Lamchenga limakana kupoteka. Lapakati limapoteka koma limathyoka polipinda. Ladongo limapindika osathyoka.

Chachitatu, thirani dothi m'botolo loonekera, onjezani madzi, khutchumulani, ndipo muliike pa tebulo. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi, siliti m'maola angapo, koma dongo limatha tsiku kapena kuposerapo. Apa chenjerani: timibulu ta katondo timamira msanga ngati mchenga, ndipo ana angaganize kuti mulibe dongo. Thiraniko sopo waufa pang'ono ndi kukhutchumula nthaŵi yaitali kuti timibuluto timwazike.

Chachinayi, dulani magoba aŵiri ofanana, lina laudzu ndi lina lopanda kanthu. Apendeketseni pa thabwa, thirani madzi ofanana ndi chitini chobooleza, ndipo mulandire madzi otsikawo m'mbale ziŵiri. Musanene kanthu, ana anene okha mbale imene muli matope ambiri, ndi chifukwa chake.

Chifukwa chake phunziroli lili lofunika

Dothi ladongo la potsetsereka likakhuta madzi limalemera, ndipo madzi akafika pa thanthwe lapansi, dothi lonse likhoza kutsetsereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Makolo amatcha zimenezi Napolo. Zinachitika ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe Freddy anagumula mbali za mapiri ku Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Mvula yoopsa chotere ikhoza kugumula ngakhale phiri lankhalango, koma kudula mitengo ndi kumanga nyumba m'njira za madzi kumakulitsa ngoziyo. Kukokoloka kwa chaka ndi chaka nakonso kumasaukitsa mlimi mwakachetechete, ndipo kumeneku n'kotheka kukuchepetsa ndi mizere yopingasa, akalozera, udzu wa vetiva ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi.

Pomaliza phunziro, apatseni ana ntchito ya kunyumba: aliyense akafunse munthu wachikulire maina a dothi la m'mudzi mwao ndi mbewu imene imachita bwino pa lililonse, ndipo abwere ndi kachitsanzo m'pepala. M'maŵa mwake yalani zitsanzozo pa tebulo, kuyambira za pamwamba pa phiri kufikira za kudambo, ndipo anawo azigaŵe okha m'magulu.