Phunziro: Kodi Malipiro a Mabwana a Banki ndi Yunivesite Ndi Achilungamo?

Ana inu, tiyambe ndi thumba la chimanga. Mu 2024 bungwe la FRA linkagula thumba la makilogalamu 50 pa K330. Boma linati kuyambira chaka chomwecho wantchito wa m'nyumba asalandire ndalama zochepera K1,300 pamwezi. Tsono tiyerekeze kuti bwana wina amalandira K100,000 pamwezi. Gawani nokha: ndi matumba 303, kapena malipiro a wantchito uja a zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi ingapo. Kuno ku Kanakantapa, ndi mabanja angati amakolola matumba otere pachaka?

Musafulumire kukwiya. Funsani kaye kuti ndalamazo ndi za yani.

Tione banki. Zanaco inayamba mu 1969 ili ya boma, ndipo mu 2007 Rabobank ya ku Netherlands inagulamo masheya 49 pa 100 alionse. Eni masheya amati woyendetsa banki amasunga chuma cha anthu ambiri, ndipo akapanda kumulipira bwino, banki ina imutenga. Mfundoyi ili ndi nzeru. Koma phindu la banki limachokera ku chiwongoladzanja cha ngongole ndi tindalama timene amadula mlimi akamatapa zake zomwe. Choncho nafenso tili ndi pakamwa pa nkhaniyi.

Ku yunivesite nkhani ndi yolemera koposa. UNZA, imene inatsegulidwa mu 1966, ndi Chalimbana ya m'boma lathu lino la Chongwe zimayenda ndi msonkho wa anthu komanso fizi imene makolo amalipira atagulitsa ng'ombe. Ku UNZA aphunzitsi, kudzera m'bungwe lawo la UNZALARU, akhala akudandaula za malipiro ochedwa, ndipo ena opuma pantchito adikira ndalama zawo zaka zambiri. Zimenezi zimandiwawa, poti inenso ndine mphunzitsi. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Emoluments Commission, kuti malipiro a m'mabungwe a boma asamangoikidwa ndi amene akuwalandira.

Ine ndikuti bwana alandire zambiri, inde, koma wosesa, mlonda ndi wopuma pantchito atalandira kale zawo pa nthawi yake, ndipo malipiro a bwanayo alembedwe poyera.

Mukafika kunyumba, funsani makolo kuti anagulitsa matumba angati chaka chatha. Mawa tidzawerengere limodzi pa bolodi.