Akuchotsani ntchito chifukwa cha zomwe munalankhula muli kwanu?

Mwalemba za ndale pa Facebook, kapena mwadandaula za malipiro m'gulu la WhatsApp, wina n'kukazitula kwa bwana. Lolemba m'mawa akukuuzani kuti musabwerenso. Nthawi zambiri zimenezi n'zosemphana ndi lamulo.

Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino limakupatsani ufulu wolankhula zakukhosi. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limanena kuti maganizo anu pa ndale si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Koma tisakunamizeni: mukaulula zinsinsi za kampani kapena kusemera bwana chinyau kuti ndi mbava, khoti likhoza kumukomera iyeyo. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende ali ndi malamulo awoawo.

Pomwe ambiri amagwera ndi apa. Bwana sangakuchotseni chifukwa cha khalidwe asanakupatseni mwayi woyankhapo. Ndipo pa gawo 61 la Employment Act, woyenera kupereka chifukwa chomveka ndi iyeyo, osati inu. Mabwana amazidziwa izi. N'chifukwa chake amakuitanirani mu ofesi, kutseka chitseko, n'kunena kuti mungolemba kalata yosiya nokha ntchito kuti mbiri yanu isaipe. Musalembe. Musasayine pepala lomwe simunaliwerenge, ngakhale akuopsezeni kuti simulandira kanthu. Tatopa kuona anthu omwe agwira ntchito zaka zambiri akupita kwawo chimanjamanja chifukwa cha siginecha imodzi yoikidwa mwamantha. Pemphani kalata yonena chifukwa chomwe akuchotserani. Zomwe munalembazo zijambuleni, tsiku lake lizioneka, chifukwa ena amadula mawu anu n'kusiya okupachikani okhaokha.

Kenako pitani ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lanu pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Bwana akamati tikambirana, dziwani kuti masiku akupita.

Kumeneko konzekani kumva kuti abwana atuluka, mubwere mawa. Lembani tsiku ndi dzina la amene mwakumana naye. Perekani mafotokope okha, ndipo pa fotokope lanu aikepo chidindo, chifukwa mafayilo amasowa, makamaka wodandaulidwayo akakhala wa ndalama. Wina akapempha ya fanta kapena ya mafuta popanda lisiti la boma, chimenecho ndi chiphuphu. Kanani, mukanene ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Mwezi ukatha nkhani isanathe, itha kupita ku Industrial Relations Court ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu. Milandu imachedwa, koma musaleke kufunsa za wanu. Khotilo likhoza kulamula kuti mubwerere pa ntchito kapena mulandire chipepeso. Kwa wogwira ntchito zaka zosapitirira zisanu, chipepesocho sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Ngati mulibe ndalama ya loya, funsani ku Legal Aid Bureau kapena ku bungwe lanu la anthu apantchito.