Phunziro 8: Pamene Mtumiki Asanduka Fano

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Yeremiya 17:5.

Tikamva za mafano, maganizo athu amathamangira ku mwanawang'ombe wagolidi wa ku Sinai. Koma liripo fano lina lopuma mpweya, lovala jekete, loyenda ndi Buku Lopatulika m'khwapa. Kawirikawiri fano limeneli silidzisema lokha. Timalisema ife a mumpingo ndi matamando athu, ndipo tsiku limene ligwa limagwera ife amene.

TSIKU LOYAMBA: Kanthu ka Mkuwa

Werengani Numeri 21:4-9 ndi 2 Mafumu 18:1-4. Kodi njoka yamkuwa inalakwanji kuti Hezekiya aiphwanye?

Njoka ija inapangidwa mwa lamulo la Mulungu. Wolumidwa aliyense amene anaiyang'ana anachira, ndipo Yesu mwini anaifanizira ndi kukwezedwa kwake pamtanda (Yohane 3:14). Komabe patapita zaka mazana ambiri, ana a Israyeli anali kuifukizira zonunkhira. Chida chinalanda malo a Mchiritsi. Chotero mfumu inaiphwanya, ndipo inatchedwa Nehusitani, ndiko kuti kanthu ka mkuwa chabe.

Mlaliki amene anatilozera kwa Khristu pa msonkhano wa misasa anali chida chotero, ndipo tiyenera kumkonda. Kulemekeza abusa si tchimo. Paulo atilamulira kutero (1 Atesalonika 5:12, 13). Kuwapatsa mpando ndi kuwagwirira nkhuku ndi ulemu wabwino. Koma tikayamba kufunsa kuti, "Alalikira ndani lero?" tisanatsimikize zopita ku mapemphero, kapena tikamatseka mtsutso wa m'kalasi ndi mawu akuti, "Abusa akuti anatero," m'malo motsegula Malemba monga anachitira a ku Bereya, utsi wa zofukiza wayamba kale kukwera.

LOLEMBA: Khamu la ku Lustra

Werengani Machitidwe 14:8-19.

Paulo ndi Barnaba anang'amba zovala zawo pamene anthu anafuna kuwaphera ng'ombe za nsembe. Onani kuti khamu lomwelo, mavesi ochepa patsogolo pake, linaponya Paulo miyala. Wopembedza munthu sachedwa kumponya miyala.

LACHIWIRI: Akagwa, Apwetekedwa Ndani?

Werengani 1 Samueli 2:12-29. Tchulani anthu amene anavutika chifukwa cha Hofeni ndi Pinehasi.

Ana a Eli analanda nyama ya nsembe, nagona ndi akazi otumikira pa khomo la chihema. Nkhaniyi inadziwika m'dziko lonse. Eli anawadzudzula ndi mawu ofewa, koma anawasiya pa unsembe, ndipo Mulungu anamuimba mlandu wolemekeza ana ake koposa Iye. Mathero ake ali m'mutu 4: asilikali 30,000 a Israyeli anagwa, ndipo likasa linatengedwa ndi Afilisti.

Zotere sizinathere ku Silo. Ravi Zacharias, mphunzitsi wotchuka wa chikhulupiriro cha Chikhristu amene ankakhala ku America, anayenda m'maiko ambiri kuyankha mafunso a ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, ndipo Akhristu a mipingo yosiyanasiyana anawerenga mabuku ake. M'chaka cha 2017 mayi wina anamneneza za khalidwe lonyansa. Iye anakasuma mayiyo kubwalo la milandu, ndipo bungwe lake linaima kumbali yake. Anamwalira mu May 2020, natamandidwa ngati ngwazi. Mu February 2021 ofufuza amene bungwe lomwelo linawalemba anatulutsa umboni wakuti kwa zaka zambiri iye anachitira akazi ambiri nkhanza za chiwerewere.

Tiganizire zaka za pakati pa 2017 ndi 2021. Mayi uja ananena zoona, koma anayesedwa mdani wa ntchito ya Mulungu. Amene anali pafupi ndi mphunzitsiyo sanafufuze mozama, pakuti m'mitima mwawo anali atagamula kale kuti munthu wotere sangachite zotere. Apa ndipo pagona choipa chachikulu cha kupembedza mtumiki: ofooka amakhala opanda wowamvera, ndipo mtumikiyo amakhala wopanda Natani. Munthu amene palibe angamfunse kumene anagona dzulo ali pangozi koposa nkhosa zake zonse.

Ndipo chilonda sichithera pamenepo. Akuluakulu anati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Mnyamata amene anabatizidwa ndi mbusa wakugwayo amayamba kufunsa ngati ubatizo wake uli woona, ndipo akunja amapeza chonyozera dzina la Yehova (2 Samueli 12:14).

LACHITATU: Uthenga ndi Wamthenga

Mbiri ya mpingo wathu ili nalo phunziro lake. Pa msonkhano waukulu wa ku Minneapolis m'chaka cha 1888, E. J. Waggoner ndi A. T. Jones anakweza chiphunzitso cha chilungamo mwa chikhulupiriro, ndipo Ellen White anayenda nawo m'misonkhano kuchirikiza uthengawo. M'chaka cha 1892 mayiyu anachenjeza m'kalata kuti nkotheka amuna awiriwa kugonjetsedwa ndi mayesero, koma kuti kugwa kwawo sikudzatsimikiza kuti analibe uthenga wochokera kwa Mulungu. Zinachitikadi. Banja la Waggoner linapasuka chifukwa cha mkazi wina, nasiya ntchito ya mpingo. Jones anachotsedwa mumpingo m'chaka cha 1909. Kodi chilungamo cha Khristu chinachepa tsiku limenelo?

Werengani Agalatiya 2:11-14. Petro atapatuka ku Antiokeya, Barnaba yemwe anakokedwa naye. Ngati mtumwi anatha kukoka mtumwi mnzake, nanga ife?

LACHINAYI: Chochita Mpingo

Werengani 1 Timoteo 5:19-21.

Paulo ateteza mkulu kwa amiseche pofuna mboni ziwiri kapena zitatu. Pomwepo alamulira kuti wochimwa adzudzulidwe pamaso pa onse, popanda tsankho. Ambiri amaloweza vesi 19, naiwala vesi 20. Tisasandutse lamulo la mboni kukhala chishango cha wamphamvu, pakuti machimo otere amachitikira mumdima, ndipo chilamulo cha Mose chinakhulupirira namwali wogwiriridwa kuthengo ngakhale panalibe womumva akufuula (Deuteronomo 22:25-27). Dandaulo limvedwe ndi kufufuzidwa. Kusamutsa mtumiki mwakachetechete kupita naye kudera lina ndiko kumpatsa nkhosa zatsopano zosachenjezedwa. Ndipo ngati wolakwiridwa ali mwana, nkhaniyo ndi ya apolisi. Komiti ya mpingo ilibe mphamvu yoibisa.

Wakugwa akalapa, chikhululukiro chiripo chodzaza. Koma chikhululukiro ndi udindo ndi zinthu ziwiri. Davide anakhululukidwa, koma lupanga silinachoke panyumba yake.

LACHISANU: Zokambirana M'kalasi

Mtsikana wa m'kwaya wabwera kwa inu madzulo, akulira, natchula dzina la mtsogoleri amene mpingo wonse umkonda, amenenso anadalitsa ukwati wanu. Mudzamuyankha chiyani usiku umenewo, ndipo kukacha mudzapita kwa yani?