Chipsera ichi ndinachigula ndi shuga

Mwanawe, khala pansi. Ndikudziwa kuti kwa inu achinyamata tsabola wakale sawawa, koma pamimba panga pali chipsera, ndipo chipsera sichinama.

Ndili ndi pakati pachiwiri tinkakhala ku Chibavi. Ndinali kale pa mankhwala a chithokomiro, timapiritsi ta levothyroxine. Ndikamva kuzizidwa ndinkati ndi Mzuzu, nanga mwezi wa June ndani samva chisanu kuno? Kufooka, ndinkati ndi mimba. Ludzu losatha, kukodza kanayi usiku umodzi, ndinkatinso ndi mimba. Apongozi, mwachikondi chawo, ankati: "Idyani amake mwana, wam'mimbayo nayenso ali ndi njala." Ndinadyadi. Tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi atatu, masana mitanda ya nsima yoyera, madzulo kondowole wakwathu ku Nkhata Bay.

Matenda a shuga anapezeka mochedwa, mimba ili ndi miyezi isanu ndi itatu. Mwana anabadwa wa makilogalamu 4.5, pa opareshoni. Shuga wanga wochulukayo ankapita kwa iye, kathupi kake n'kuzolowera kupanga insulini wambiri. Atangodula mchombo, shuga wake anagwa. Masiku atatu ndinkapita kukamuona ku nazale, ndikutsamira khoma chifukwa cha bala. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Samvayo ndinali ine.

Ndiye ukaima, yamba sikelo msanga. Msanga ndithu, m'miyezi itatu yoyamba, pamene ubongo wa mwana ukudalira chithokomiro chako, chake chisanayambe ntchito. Kaya ukupita kuchipatala cha Mapale kaya cha Central, nena zonse: mankhwala amene ukumwa, abale amene ali ndi shuga. Pempha kuyezedwa shuga, makamaka pakati pa masabata 24 ndi 28. Usachite manyazi. Safunsa adadya phula.

Cholakwa changa china chinali chaching'ono, koma chinandipweteka. Ndinkameza levothyroxine pamodzi ndi piritsi la ayironi la kusikelo, n'kutsitsira tiyi wamkaka. Ayironi ndi mkaka zimatchinga mankhwalawa kuti asalowe bwino m'thupi. Ngati nawe uli pa levothyroxine, imwa m'mawa, m'mimba muli mbee, ndi madzi okha. Dikira theka la ola kapena ola usanadye. La ayironi lidikire maola anayi, koma usalitaye. Mlingo wa levothyroxine nthawi zambiri umafunika kukwezedwa ukakhala ndi pakati. Wokweza ndi dokotala, osati iwe, osati mnzako wa pa WhatsApp. Ngati chithokomiro chako ndi chija chogwira ntchito mopitirira, mankhwala ake ndi ena, uwaonetse kuchipatala tsiku lomwe wadziwa kuti waima.

Tsopano mbale. Sindikuti udzimane. Njala nayo ndi yoopsa, makamaka kwa amene akubaya insulini. Idya pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Mtanda umodzi wa mgaiwa, wofanana ndi chibakera chako. Mtanda umodzi, osati itatu. Ndiwo ndizo zichuluke: bonongwe, mpiru, nkhwani wotendera, nyemba, dzira, usipa wa pa Zigwagwa. Nthochi imodzi, osati phava lonse. Mpunga wa Kilombero umanunkhira mpaka kwa aneba, ndikuvomera, koma umakweza shuga ngati nsima yoyera. Thobwa wothira shuga ndi zakumwa za m'mabotolo, zisiye. Zisiye kaye.

Za kondowole zimandiwawa kunena, chifukwa ndinakulira yemweyo. Chinangwa chowawa chikapanda kuviikidwa mokwanira chimatsala ndi poizoni amene amalepheretsa chithokomiro kutenga ayodini. Dziwa amene anaviika, ndipo usamudye tsiku lililonse. Mchere gula wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, uusunge m'kabotolo kotseka, kutali ndi moto. Koma usachulutse, BP ingakwere.

Ena adzakuuza kuti mapiritsi amawononga mwana, bwera umwe mizu. Ukane mwaulemu, koma ukane. Ine ndinasiyapo mankhwala sabata ziwiri chifukwa cha mawu otere, sindinauze munthu, ndipo ndikuulula lero koyamba.

Mwana uja pano ndi mnyamata wamtali, amandiseka ndikamamwa tiyi wopanda shuga. Shuga wanga anatha nditachira, koma anabweranso patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ulendo uno anabwera ndi mphasa yake.