Ndalama zophunzitsira nyimbo m'sukulu: zichokere kuti?

Chaka chilichonse khonsolo ikamakonza ndondomeko ya zachuma, zosowa za m'sukulu zimachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo. Pamafunika zipinda zophunziriramo, zimbudzi, madesiki ndi nyumba za aphunzitsi. Kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi mabuku inakwera kwambiri. Zinthu zikafika potere, maphunziro a nyimbo ndiwo amayamba kuiwalika. Phunziro lino likufotokoza njira zimene anthu a m'wadi angatsate kuti ana asasiye kuimba chifukwa cha kuchepa kwa thumba la khonsolo.

Nyimbo ndi phunziro la pa mayeso

M'sukulu za pulayimale, nyimbo zili m'phunziro la Expressive Arts, limene limaphatikizanso magule, zisudzo, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi. Bungwe la MANEB limafunsa phunziroli pa mayeso a Sitandade 8, m'pepala la Arts and Life Skills. Choncho mwana amene amangoona chithunzi cha ng'oma pabolodi, osaigwirapo, amalowa m'chipinda cha mayeso ali wopereweredwa. Ndiponso m'makalasi oyambirira aphunzitsi amadalira nyimbo pophunzitsa malembo ndi manambala, chifukwa zimene mwana waimba sizichoka msanga m'mutu.

Gwero loyamba: thandizo lopita kusukulu

Sukulu za pulayimale za boma zimalandira ndalama zotchedwa School Improvement Grant, zomwe ambiri amangoti SIG. Ndalamazi zimagwiritsidwa ntchito potsata dongosolo lotukula sukulu limene mphunzitsi wamkulu, komiti yoyendetsa sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi osamalira ana pasukulu ndi mafumu amakonza limodzi, ndipo mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, PEA, amaliunika. Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: chinthu chimene sichinalembedwe m'dongosololi sichigulidwa. Kawirikawiri nyimbo zimasowa ndalama chifukwa pamsonkhano wokonza dongosolo panalibe amene anazitchula. Kholo limodzi likaimirira n'kupempha kuti pakhale mzere wa zikopa za ng'oma, malikhweru ndi nsalu zovinira, nkhaniyo imalowa m'buku.

Gwero lachiwiri: ndondomeko ya chitukuko

Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenako kukhonsolo, kumene khansala amalankhulira wadi yake. Ndalama za DDF ndi CDF zimapita makamaka ku ntchito zomanga, ndipo n'zovuta kuti pempho la kiyibodi lipambane pempho la mlatho kapena mjigo. Komabe pomanga buloko yatsopano, anthu angapemphe kuti pakhale kachipinda kokiyika kosungiramo zida zoimbira. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, motero pempho liyenera kufika ku ADC miyezi ingapo tsikuli lisanakwane. Akuluakulu anati mwana wosalira amafera m'mbereko.

Gwero lachitatu: luso la m'mudzi

Zida zambiri zimene ana amaphunzira sizifuna ndalama zochuluka. Visekese amapangira mapesi a udzu ndi timbewu, maseche amachokera ku zitini ndi timiyala, malipenga a mganda ndi zikho, ndipo mangolongondo ndi mitengo yosemedwa bwino. Gulu la Madalitso Band la ku Lilongwe laimba m'maiko a ku Ulaya ndi babatoni wopanga lokha, wa chingwe chimodzi. M'midzi muli akuluakulu odziwa kusema ng'oma ndi kuiwamba, muli amayi otsogolera chimtali ndi chioda, mulinso aphunzitsi a kwaya a m'mipingo. Mfumu ikaitana anthu oterewa kuti azipita kusukulu masana amodzi pa sabata, sukulu imapeza luso limene khonsolo sikanatha kulipira.

Gwero lachinayi: kubwerekana m'zoni

Si sukulu iliyonse imene ingakhale ndi gitala kapena kiyibodi. Sukulu za m'zoni imodzi zingasonkherane n'kugula zida zochepa, kuzisunga ku TDC, n'kumabwereka mosinthana. Pamalo pomwepo mphunzitsi wodziwa kuwerenga manotsi a nyimbo angaphunzitse anzake. Omwe anaphunzira pasukulupo kale, mipingo ndi eni mabizinesi a pamsika nawonso amathandiza mosavuta akauzidwa chinthu chenicheni chimene chikufunika ndi mtengo wake. Pomwe palibe magetsi, kiyibodi imafunikanso batire kapena sola, ndipo mtengo wa zimenezi uwerengedwe asanagule.

Zoyenera kusamala

Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, choncho mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa makolo ake alephera kusonkha ndalama ya kwaya kapena ya gule. Ndalama iliyonse yolowa, kaya ndi ya SIG, ya mphatso kapena ya pakhomo pa tsiku la zoimbaimba, ilembedwe, malisiti asungidwe, ndipo chiwerengero chake chikhomedwe pabolodi lazidziwitso. Zida zonse zikhale ndi kaundula wosonyeza wobwereka ndi tsiku lobweza. Mlendo wodzaphunzitsa ana asasiyidwe yekha popanda mphunzitsi. Mtengo wosemera ng'oma udulidwe ndi chilolezo cha mfumu ndi komiti yoona zachilengedwe, ndipo pabzalidwe ina m'malo mwake.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa VDC kapena wa makolo

1. Kodi dongosolo lotukula sukulu la chaka chino lili ndi mzere wa nyimbo ndi magule?
2. Ndi anthu ati m'mudzi amene amadziwa kupanga zida zoimbira, ndipo ndani akawapemphe?
3. Kodi pasukulupo pali malo okiyika osungira zida, nanga kiyi amasunga ndani?
4. Pempho lopita ku ADC lilembedwe liti, ndipo alitsatire ndani mpaka yankho litabwera?