Nthiti za chikombole cha faiba: matani mawa, osati lero

Ena mwa oumba miphika ya maluwa ya simenti, masinki ochapira ndi masilabu a zimbudzi kuno kwa Mlonyeni akusiya zikombole zamatabwa n'kumayesa za faiba. Sanalakwe: faiba siifufuma ndi madzi, ndipo katundu amatuluka wosalala. Koma zambiri zimene ndaona sizikhalitsa. China chimapindika simenti ikangolowa, china chimatulutsa mphika wa mizeremizere. Matenda ake amakhala kumsana, kumene kumamatidwa nthiti zolimbitsira.

Zopaka polishi, gelcoat ndi kuyala mati mukuzidziwa kale. Ingokumbukirani kuti mati ya 450 imamwa pafupifupi kilo imodzi ya rezini pa sikweya mita, ndipo khungu la chikombole limafuna miyalo itatu kapena inayi, yoyala iwiriiwiri kuti isatenthe.

Choika m'kati mwa nthiti chisakuvuteni mutu. Mphamvu ili mu faiba imene mwakutira, cham'katicho chimangopereka maonekedwe. Pulayiwudi, paini wouma, paipi ya PVC yong'amba pakati, ngakhale katoni yopinda, zonsezi zimagwira. Pokhota gwiritsani ntchito paipi yothirira. Fomu yachikasu ya m'firiji yakufa ndi yabwinonso. Koma yoyera ija yobwera m'makatoni a TV musayese, rezini ya polyester imaisungunula mukuona. Bulugamu wongochekedwa kumene nayenso ayi. Chinyezi chimalepheretsa rezini kuuma, ndipo thabwalo likamauma limapindika n'kukoka chikombole chonse.

Phala lomatira limapangidwa ndi rezini yomweyo ndi ufa wodzazira. Talc kapena whiting akwanira. Mukapeza Cabosil kapena Aerosil onjezani pang'ono, amaletsa phala kuyenderera pamalo oima. Zikasowa, utuchi wosefa wa kwa akalipentala umathandiza, bola uyanikidwe uume gwa. Ubweya wodula ku zotsala za mati umaonjezera mphamvu. Amene amakuuzani kuti muthire mchenga wa kudambo angofuna kukulemetserani chikombole ndi kukuthetserani sandipepa. Sakanizani ufa mpaka phala liime pasupuni, hardener abwere pomaliza, ndipo mumuyeze potengera rezini yokha: mamililita 10 mpaka 20 pa kilo. Mu Okutobala 10 akwana, mu Juni ndi Julaye yandikirani 20. Gwiritsani ntchito sirinji. Zoyeza ndi chivindikiro cha botolo zatayitsa anthu rezini yambiri.

Tsono nazi zimene zimagwetsa pafupifupi aliyense.

Musamate nthiti tsiku limene mwayala khungu. Rezini ikamauma imafota. Mukaika thabwa ndi phala lochindikala pakhungu losakhwima, pamenepo pamatentha ndi kufota kuposa pena ponse, ndipo mzere wa nthitiyo umatulukira kumaso kwa chikombole. Mphika uliwonse umene mudzaumbe udzakhala nawo mzerewo, ndipo kuuchotsa n'kuyambiranso ntchito. Dikirani maola 24, kukazizira dikirani masiku awiri. Wina adzati "ndakhudza, chauma". Kuuma pamwamba si kukhwima. Dikirani.

Musachotsenso chikombole pa chitsanzo chimene mwakoperapo. Anthu amafuna kusuzumira kuti aone ngati chatuluka bwino, amachitsegula, kenaka amamata nthiti chili pansi. Mukatero mwalimbitsa chinthu chopindika kale, ndipo sichidzawongokanso. Nthiti zimamatidwa chikombole chikadali pa chitsanzo chake.

Tsikulo likafika, palani ndi sandipepa yokakala pomwe nthiti zidzadutse, pukutani ndi acetone. Matabwa asemeni m'mphepete akhale obulungira, muwapake rezini amwe kaye, apo ayi adzayamwa ya mu mati n'kuisiya youma. Yalani phala, kanikizani nthiti pang'ono mpaka phala litulukire mbali zonse, koma thabwa lisakhudze khungu mwachindunji.

Kenaka ngodya. Mati siipindika pangodya yakuthwa. Mukaikakamiza imadumpha n'kusiya mphako, ndipo mphakoyo ndi imene imasweka tsiku limene mukugogoda chikombole kuti katundu atuluke. Tengani kumbuyo kwa supuni, kokani phala mbali zonse ziwiri za nthiti kuti ngodya ikhale yotsetsereka. Lisachindikale kuposa chala, chifukwa phala lochuluka limatentha n'kung'ambika lokha. Anthu amadumpha gawoli poti limadya nthawi. Musalidumphe. Nthiti yopanda phala m'ngodya imangonyenga maso.

Phala likayamba kugwira, kutirani ndi miyalo iwiri kapena itatu ya mati, woyamba upitirire masentimita 5 mbali iliyonse, wotsatira upitirire pang'ono kuposa pamenepo. Pamene paoneka poyera pali mpweya: dindani ndi bulashi mpaka pachoke. Mukatha, chisiyeni masiku ena awiri kapena atatu musanatsegule. Ntchito yonseyi ichitikire pamthunzi, podutsa mphepo. Hardener akalowa m'diso amachititsa khungu, choncho magalasi valani.

Mitengo imasinthasintha, makamaka chitsikireni kwacha mu Novembala 2023, koma mongoyerekeza rezini ndi mati zimadya magawo atatu mwa anayi a ndalama zonse. Ufa wodzazira, matabwa ndi acetone zimagawana gawo lotsalalo. Ndiye kuumira pa talc n'kuononga rezini ndi masamu osamveka. Katunduyu mukamufune ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera pa boma la Mchinji, kapena mufunse ku Chipata kudzera pa Mwami. Kulikonseko tsegulitsani chitini muone. Rezini siichedwa kukalamba, makamaka ikasungidwa potentha, ndipo ikayamba kulimba kapena kuchita mibulu isiyeni pomwepo, ngakhale akutsitsireni mtengo.